Za mankhwala ophatikiza a khansa ya kapamba

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndamva chisoni kuti khansa ya kapamba ya amalume yafalikira kale kuchiwindi. Mwafunsa ngati kuli kwanzeru kuti avomere pempho la madokotala lolowa nawo m'kafukufuku woyesa mankhwala ophatikiza.

Nthenda imeneyi ndi yovuta chifukwa kapamba ali mkati kwambiri, kuseri kwa chifu, kotero ambiri amaizindikira maso atachita kale chikasu, thupi litatha. Komanso chotupacho chimadzikuta ndi mnofu wolimba umene umalepheretsa mankhwala kulowa bwino. N'chifukwa chake mankhwala amtundu umodzi sapita nayo patali.

Kwa zaka zambiri odwala ankangolandira mankhwala amtundu umodzi otchedwa gemcitabine. Mu 2011 madokotala a ku France anatulutsa zotsatira za odwala 342 amene anawagawa pawiri: mwa olandira mankhwala anayi ophatikiza otchedwa FOLFIRINOX, theka linapitirira miyezi 11 lili moyo, pamene kwa olandira gemcitabine yekha miyeziyo sinakwane 7. Mu 2023 msakanizo wina, NALIRIFOX, unafika miyezi 11.1 poyerekeza ndi 9.2 ya gemcitabine wophatikiza ndi mankhwala ena otchedwa nab-paclitaxel. Mukuona nokha kuti phindu lake n'la miyezi, osati kuchira, ngakhale kuti kwa munthu amene akufuna kuona mdzukulu wake akubadwa, miyezi iwiri si yochepa.

Koma mankhwalawa amapweteka thupi. Olandira FOLFIRINOX amabwerera kuchipatala milungu iwiri iliyonse, n'kupita kunyumba ndi kapampu kothira mankhwala m'mitsempha kwa maola 46. Ena amatsegula m'mimba, maselo oyera a m'magazi amachepa, ndipo oxaliplatin, mmodzi mwa mankhwala anayiwo, amachititsa dzanzi m'zala moti kapu ya madzi ozizira imawabaya ngati singano. Mankhwalawa amayenerera munthu amene akadali ndi mphamvu zoyenda ndi kudzisamalira.

Kuona kwanga, amalume asasaine asanafunse kuti mankhwala atsopanowo akuwayerekeza ndi ati, popeza m'kafukufuku woyerekeza mankhwala gulu limene munthu amalowa kawirikawiri limasankhidwa mwamaere, osati ndi dokotala. Adziwenso kuti ali ndi ufulu wosiya tsiku lililonse popanda kumanidwa chithandizo chanthawi zonse. Apemphenso kuyezedwa ngati ali ndi vuto la chibadwa lotchedwa BRCA, pakuti amene anabadwa ndi vuto limenelo angathe kupatsidwa mankhwala otchedwa olaparib khansa ikatonthola ndi mankhwala oyambawo.

Mundilembere dzina la mankhwala amene madokotala awatchula. Muwapatse moni amalume ndi azakhali.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.