Aise, imva za vidiyo yathu ya ku koleji

Aise,

Uli bwanji ku Johannesburg uko? Kuno tilipo chabe, Okutobala wafika ndi dzuwa lake lija. Unafunsa pa WhatsApp kuti ndasowa kuti, ndi pulojekiti ya ku koleji yandigwira, a lekichala anatigawa m'magulu ati gulu lililonse lipange vidiyo ya nyimbo, ija yoti nyimbo inajambulidwa kale woyimba azingoitsata ndi milomo.

Nyimbo tinatenga ya mnyamata wa m'kalasi mwathu yomwe anapangira pa kastudio ka ku Kalingalinga, chifukwa ukatenga ya anthu otchuka YouTube imaizindikira yokha ndi Content ID, mwina kuitseka vidiyo mwina ndalama kupita kwa eni ake, ndiye kunonso kuli a ZAMCOPS oyang'anira za eni nyimbo, ife milandu ayi.

Anthu amaganiza kuti milomo imakonzedwa pa kompyuta, koma zimathera pojambula pompo. Woyimba aziyimbadi, mokweza. Wathuyu poyamba amachita manyazi poti tinali chakufupi ndi Soweto Market, anthu piringupiringu, makondakitala akukuwa, iye kumangogwedeza milomo chamumtima, ndiye ukaona pa sikilini zimachita kuonekeratu kuti akunama, khosi lili zii, mapewa sakukwera, pomwe nyimbo ikukoka mpweya iye sakukoka. Amayi ena ogulitsa tomato ndi amene anamumasula, anamukuwira kuti iwe yimba tikumve, kuyambira pamenepo zonse zinayenda.

Kumayambiriro kwa nyimbo tinaikako kulira kwa pi pi pi, kenako nyimbo nkuyamba. Maiki ya kamera imagwira zonse ndi phokoso la msika lomwe, mawu amenewo sitiwagwiritsa ntchito mu vidiyo yomaliza koma ndi amene umalinganizira, umangoyang'ana timapiri ta ma pi aja pa waveform, chithunzi cha mawu chija cha pa kompyuta, nkutiyika pansi pa ta nyimbo yeniyeni, basi zagwirana. Sipika nayo izikhala pafupi ndi woyimba osati ndi kamera. Mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ife timajambula mafulemu 25 pa sekondi, ndiko kuti zithunzi 25 pa sekondi, ndiye sipika ikakhala mamita 14 kutali munthu amamva mochedwa ndi fulemu yathunthu. Yathu tinaibisa kuseli kwa thumba la makala, mwini makala anatilipitsa kangachepe koma anasangalala poti nayenso waoneka mu vidiyo.

Gulu lina linasakaniza kamera ya 25 ndi foni ya 30, ndipo mafoni ambiri amasinthasintha liwiro la mafulemu okha, makamaka kukakhala mdima, poyamba milomo imagwirizana bwinobwino koma pofika kolasi yachiwiri munthu akutseka kamwa mawu akadali mkati. Mankhwala ake nkudutsitsa kaye mafayilo mu pulogalamu yaulere ya HandBrake kuti liwiro likhale limodzi. Chinanso 25 imagwirizana ndi magetsi athu a 50Hz, ukajambula m'nyumba pa 30 mababu ena amaphethira.

Chomwe chinandikomera kwambiri ndi slow motion. Nyimbo timaithamangitsa kawiri, kamera nkuiyika pa 50, woyimba nkumathamanga nayo choncho, mawu ake akumveka ngati kambalame, tonse kufa ndi kuseka. Ukaibweza pa 25 pa kompyuta, malaya akuuluka pang'onopang'ono, fumbi likukwera mwaulemu, koma milomo ili ndendende ndi nyimbo. Izi tinajambula cha m'ma 17 hours dzuwa litafiira, nthawi yake ndi yochepa heve poti ikamakwana 18 kwayamba kale kuda. Pa vesi ya rap zinakanika, lilime silingathe, tinangochita pa kolasi.

Kudula vidiyo ndikupangira mu pulogalamu ya DaVinci Resolve yaulere ija, laputopu imatentha koma ikupirira, malaiti akapita ndimathawira kwa asisi ku Kabwata. Pomwe ma pi sanamveke ndimasaka p, b ndi m, poti pamenepo milomo imatsekeka, ndimayenda fulemu imodzi imodzi mpaka kutsekako kugwere pa mawu ake. Mahedifoni akhale a waya, a Bluetooth amachedwetsa mawu ungamakonze chinthu chomwe chili bwino kale. Pomwe woyimba anaphonyeratu timaphimba ndi zithunzi za Cairo Road, Findeco House, maminibasi, koma ndakana kuchulutsa, anzanga amafuna tauni yonse ilowe, ine ndati a lekichala si mwana adziwa kuti tikubisa zinazake.

Tipereka Lachisanu likubwerali, linki ndikutumizira ikangokwera, undiuze zoona osati zondisangalatsa. Ukamabwera Disembala undiyang'anireko mtengo wa hard drive ya 1TB kumeneko, yanga yadzadza. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Lusaka