Mwana asanakwere basi ya ku Joni, bambo amvedwe

Akonzi,

Ndine bambo wa mwana mmodzi wamkazi wa zaka 7. Ine ndi mayi ake tinasiyana chaka chatha ankhoswe atalephera kutigwirizanitsa. Mwana amakhala ndi mayi ake, ine ndimakamutenga Loweruka lililonse. Fizi ndimalipira, yunifolomu ndi nsapato ndimagula, ndipo malisiti onse ndimasunga mu jumbo pansi pa matiresi.

Mwezi wathawu ndikufuna kuona makope ake, ndinapeza m'chikwama tizithunzi tiwiri ta pasipoti. Nditamufunsa, anandiyankha akumwetulira: "Amayi akuti tikwera basi yaikulu, koma ndisakuuzeni." Usiku umenewo tulo sindinatione. Mayi ake ali ndi achemwali awo ku Johannesburg, ndipo ulendo wake tonse timaudziwa: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Masiku awiri okha mwana wapita.

Ndinapita kwa atsibweni ake a mwanayo ndi ulemu wonse. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Achimwene, munaona kuti tambala akuyenda ndi anapiye? Mbumba ndi yathu." Mwambo wa chikamwini sindikuunyoza ayi, inenso ndinakulira m'manja mwa amalume. Koma amalume anga ankandilera pamudzi pomwe bambo anga ankatha kufika pa njinga, nkhuku ili pakaliyala. Makolo athu poika mwambowu sankaganiza za pasipoti.

Ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, ndi kumene ananditsegula maso. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limaika ubwino wa mwana patsogolo pa chigamulo chilichonse chomukhudza, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kholo, kaya mayi kaya bambo, kupempha khoti kuti lizisunga mwana kapena kumuona. Khoti silifunsa kuti mbumba ndi ya yani. Limafunsa amene amamudyetsa, kumene amaphunzira, amene wamuzolowera. Dandaulo langa ndakapereka, ndipo ndapemphanso kuti mwana asatuluke m'dziko mlandu usanathe.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Pali pangano la mayiko la ku Hague la 1980, loti mwana akatengedwa ndi kholo limodzi kupita kunja popanda chilolezo cha linzake, abwezedwe msanga kumene amakhala kuti makhoti a kumeneko aweruze. South Africa ili m'panganoli, Zimbabwe ilimo, ngakhale anansi athu a ku Zambia analowamo. Malawi mulibe. Ndiye mwana wanga akangodutsa pa Mwanza, ine wosoka zovala pakhonde la sitolo ndikasake ndekha loya wa ku Joni, ndimulipire m'marandi. Ndiziyamba ndagulitsa makina anga omwe.

Aphungu athu, dziko limene ana ake adzaza ku Joni, ku Cape Town ndi ku UK lingakhale bwanji kunja kwa pangano lotere? Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya abambo okha. Kuno kwathu kuli mayi wina amene mwamuna wake anatenga ana awiri ati kukawaonetsa kwa azakhali awo patchuthi, mpaka lero amangowaona pa WhatsApp.

Mayi a mwana wanga si munthu woipa, akufuna kukasaka moyo ngati wina aliyense, ndipo mwina khoti lidzaona kuti mwana akhale nawo. Ndidzavomera, bola pakhale pepala lonena kumene akakhale, sukulu yake, ndi miyezi imene azibwera kudzandiona. Loweruka lino ndikukamutenganso. Ndikafika pageti paja mtima umagunda mpaka nditamva mawu ake mkati.

Bambo wodandaula,
Ndirande, Blantyre