Mukapeza chibowo mu firmware ya rauta, musathamangire pa WhatsApp

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anyamata amene amaika marauta, timakina togawa intaneti, m'malo ogona alendo ku Senga Bay ndi m'mashopu a pa Kamuzu Road. Ena amachotsa pulogalamu yobwera ndi rauta n'kuikamo OpenWrt, firmware yaulere imene khodi yake aliyense angathe kuiwerenga. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzapeza chibowo, tinene tsamba lolowetsa munthu popanda pasiwedi, ndipo mtima udzamuuza kuti ajambule sikirini n'kuponya m'gulu la WhatsApp kuti anzake amutame.

Asatero. Chibowocho chili m'marauta onse a mtunduwo padziko lonse, ndipo eni khodi asanachitseke, aliyense woona chithunzicho wagwira kiyi ya nyumba za anthu.

Choyamba fufuzani fayilo ya SECURITY.md pamene pamasungidwa khodiyo. Imanena kotumiza nkhani zotere, kawirikawiri imelo yapadera yokhomedwa ndi PGP (njira yobisira uthenga), kapena batani la Report a vulnerability pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi. Musalembe pa tsamba la issues, poti limaonedwa ndi aliyense.

Malipoti ambiri amafa chifukwa chosamveka. Lembani dzina la rauta pamodzi ndi nambala ya revision imene ili pa kapepala kunsi kwake, chifukwa v1 ndi v2 nthawi zina zimasiyana chip. Lembani version ya firmware monga ilili mu /etc/openwrt_release, kenako masitepe onse oti wina abwereze zimene mwaonazo. Chofunika koposa n'kunena ngati woukira ayenera kukhala pa Wi-Fi ya m'nyumbamo kapena angalowe ali kunja kudzera ku WAN, mbali ya rauta yolumikizana ndi intaneti, pakuti kusiyana kumeneko ndiko kumakweza kapena kutsitsa mlingo wa CVSS woyezera kuopsa kwa chibowo, umene umachokera pa 0 kufika pa 10. Ngati mukutenga log (zimene rauta imalemba ikamagwira ntchito) pa UART, timapini tolumikizira kompyuta pa bolodi ya rauta, adaputala ikhale ya 3.3V, mulumikize GND, TX ndi RX basi, kawirikawiri pa liwiro la 115200. Ya 5V ingathe kuotcha bolodi. Musanatumize, fufutanimo mapasiwedi ndi ma IP a kasitomala.

Yeserani pa rauta yanuyanu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'makina a wina popanda chilolezo, ngakhale munene kuti mumafuna kuthandiza.

Mukatumiza, fatsani. Ambiri osamalira khodi zoterezi ndi ongodzipereka, ali ndi ntchito zina masana. Gulu la Project Zero la Google limapereka masiku 90 lisanaulule, CERT/CC, bungwe la ku America lolandira malipoti a zibowo, imapereka 45. Gwirizanani tsiku, ndipo akakhala chete kwa milungu ingapo, pemphani CERT/CC ikhale mkhalapakati. Mu Disembala 2024 wofufuza wina anauza a OpenWrt mwachinsinsi za chibowo cha m'seva yomangira firmware, chimene chikanalola munthu kugawira anthu firmware yachinyengo. Anachitseka anthu asanamve, ndipo chinapatsidwa nambala CVE-2024-54143.

Chigamba chikatuluka sichidziika chokha mu rauta ya ku Senga Bay, pamafunika munthu akwere kabaza apite. Ayerekeze sha256 ya fayilo, nambala yotsimikizira kuti fayiloyo sinasinthidwe, ndi yolembedwa pa tsamba la OpenWrt, asunge backup, ndipo rauta ikhale pa batire kapena UPS, chifukwa magetsi akazima sysupgrade (kuika firmware yatsopano) ili pakati, rautayo ingathe kusayakanso mpaka ataibwezeretsa kudzera pa UART kapena TFTP, njira yotumizira fayilo pa netiweki.

Amisiri a zamanetiweki,
Kamuzu Road, Salima