Kaphikidwe abise, koma zotsatira za mayeso tizione

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu. Ndine mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandiponya kuno ku Mzuzu kalekale ndipo ndinakhazikika ku Chibavi. Penshoni ndi yochepa, choncho masiku ano ndimapanga mbaula zamakala, zija za malata kunja dongo m'kati, n'kumakagulitsa ku Zigwagwa.

Loweruka lapitali magetsi anazima ndili pampando kwa wometa, mutu atameta mbali imodzi. Tikudikira choncho, mnyamata wina pabenchi anati, "Aphunzitsi, tatiuzani. Yureniyamu tili naye ku Kayelekera, nanga mdimawu ukuchokera kuti?" Ndisanayankhe, mnzake analanda mawu. Anati wamva pa wailesi kuti kunja apanga ting'anjo ta nyukiliya ting'onoting'ono tosaphulika, ndipo posachedwa tifika mu Africa muno. Ndinamufunsa kuti ting'anjoto anatiyesa ndani, ndipo anapeza chiyani. Iye anati, "Zimenezo sanena, bambo. Ndi chinsinsi cha kampani." Benchi yonse inagwedeza mutu ngati mlandu wagamulidwa. Kugwedeza mutu kumeneko ndi kumene kwandigwiritsa cholembera.

Ndiyambe ndi funso loyamba lija. Chimene chimachoka ku Kayelekera ndi ufa wa m'migolo, umene sungayatse ngakhale babu limodzi. Pa maatomu 1,000 alionse a yureniyamu wokumbidwa pansi, 7 okha ndi amtundu umene umasweka mosavuta n'kutulutsa kutentha. Ufawo umapita kunja, amakausandutsa mpweya, n'kuusefa mpaka mtundu wofunikawo utakwana 3 kapena 5 pa 100 alionse. Akatero amaumba timibulu tolimba ngati phale, kukula kwake ngati nsonga ya chala chaching'ono, n'kutilonga m'timapaipi ta chitsulo chotchedwa zirconium, totalika pafupifupi mamita 4. Mitolo ya timapaipi timeneti ndiyo nkhuni za ng'anjo ya nyukiliya. Imakhala m'madzi otentha koopsa zaka zinayi kapena zisanu, usana ndi usiku, ndipo khoma la kapaipi kalikonse silikwana n'komwe milimita imodzi. Kakhoma kopyapyala kameneko ndiko kamatsekereza poizoni kuti asalowe m'madzi.

Pa 11 Marichi 2011 chivomezi ndi mafunde a m'nyanja zinazimitsa mapampu oziziritsa ng'anjo ku Fukushima, m'dziko la Japan. Madzi ataphwa, timapaipi tija tinatentha kupitirira madigiri 1,200. Pa kutentha kotero zirconium amalanda okosijeni mu nthunzi n'kusiya mpweya wa hydrogen, ndipo mpweya umenewo ndi umene unaphulitsa nyumba za ng'anjozo. Wina anganene kuti za ku Japan zikutikhudza bwanji. Mtengo wa yureniyamu unagwa pambuyo pa ngoziyo, ndipo mgodi wa Kayelekera, umene kampani ya Paladin inatsegula mu 2009, unaimitsa ntchito mu 2014. Chitsulo chinalephera ku Japan, anthu anakalongedza katundu ku Karonga.

Chichitikireni ngoziyo makampani monga Westinghouse, Framatome ndi Global Nuclear Fuel akhala akupikisana kupanga nkhuni zopirira ngozi. Ena akukuta timapaipi ndi chitsulo chotchedwa chromium, ena akuyesa chitsulo china chosakaniza ndi chromium ndi aluminiyamu. Palinso mtundu wina wotchedwa TRISO, umene yureniyamu wake amakhala kanjere ngati ka mawere, kokutidwa ndi zikhungwa zingapo zolimba. Anzathu a ku South Africa anathira ndalama zambiri pa ng'anjo yogwiritsa ntchito timbewu totere, boma lawo n'kuisiya mu 2010 isanamangidwe. A ku China ndiwo anafika nayo pogulitsa magetsi, ku Shidao Bay, mu 2023.

Tsono kuyesa kwake n'kumene anyamata a pabenchi paja sanakumve. Sayamba ndi ng'anjo yamagetsi ayi. Amayamba ndi tizidutswa, n'kutiika m'ng'anjo zoyesera monga Advanced Test Reactor ya ku Idaho, ku America, kuti tiwombedwe ndi cheza choopsa cha nyukiliya kwa miyezi kapena zaka. Komweko kuli ng'anjo ina yotchedwa TREAT, imene anaitseka mu 1994 n'kuidzutsanso mu 2017, ndipo ntchito yake ndi yozunza dala. Amaika kapaipi m'kati n'kukweza mphamvu mwadzidzidzi kuti aone pamene kang'ambikire. Akatulutsa, munthu sangakakhudze. Amakadula ali kuseri kwa khoma lochindikala la konkire, akusuzumira pagalasi, ndi manja achitsulo oyendetsera patali, kuyang'ana ming'alu, dzimbiri ndi kutupa kwa timibulu. Zikayenda bwino m'pamene amalowetsa timapaipi towerengeka chabe m'ng'anjo yeniyeni, pakati pa nkhuni zakale, monga anachitira pa siteshoni ya Hatch m'chigawo cha Georgia mu 2018. Kenako kudikiranso, kutulutsanso, kudulanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka khumi zimatha, nthawi zina kuposerapo, mtundu watsopano usanaloledwe kudzaza ng'anjo yonse.

Munthu amene wawononga zaka zotere ndi ndalama zosawerengeka, ine sindimudabwa akabisa kaphikidwe kake. Ndikudziwa ululu wake, ngakhale wanga ndi wa mbaula chabe. Nditangoyamba ntchitoyi, dongo langa linkang'ambika likangolawa moto kachitatu. Ndinatha dzinja lonse ndi chilimwe chake ndikuyesa: dongo la kudambo ili, la kudambo lija, mchenga pang'ono, mapale osinja, mankhusu a mpunga amene ndinkapempha kwa oyendetsa malole ochokera ku Karonga. Chilichonse ndinkalemba m'kope lakale la sukulu, mayi a kunyumba n'kumandiseka kuti ndapuma ntchito koma ndikuchongabe mayeso. Nditapeza muyezo wabwino ndinalemba mnyamata wondithandiza kuponda dongo. Anakhala nane miyezi isanu ndi iwiri, akudya nafe mbale imodzi. Tsiku lina sanabwere, ndipo patapita milungu itatu ndinapeza mbaula zofanana ndi zanga pamsika, zotsika mtengo. Ndinagona osadya. Iye sanataye dzinja, sanaswe mbaula makumi angapo monga ine. Anangoona n'kunyamula m'mutu.

Makampani akuluakulu aja nawonso amaberedwa chimodzimodzi. Mu 2014 boma la America linatsegulira mlandu asilikali asanu a dziko la China, powaganizira kuti anathyola makompyuta a makampani angapo, Westinghouse ili momwemo. Kampani ikalembetsa luso lake ku boma imatetezedwa zaka 20 zokha, ndiponso imayenera kulongosola lusolo poyera. N'chifukwa chake zina, monga kachindikalidwe ka chromium uja ndi kapakidwe kake, amangozisunga m'kabati. Pa zimenezo ndilibe nawo mlandu.

Koma mayi akabwera pa benchi yanga ku Zigwagwa n'kufunsa kuti, "Bambo, mbaulayi sing'ambika mphika uli pamoto, mwana ali pafupi?" sindingayankhe kuti ndi chinsinsi. Muyezo wa dongo ndi wanga. Yankho la funso lakelo ndi lake, chifukwa phala lotentha likatayika lipsereza mwana wake, osati wanga. Mawu amodzi omwewo akuti chinsinsi akuphimba zinthu ziwiri zosiyana, ndipo anthu ochenjera amadziwa kuti ife sitizilekanitsa.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza amve za ku Halden, m'dziko la Norway. Kumeneko kunali ng'anjo yoyesera yomangidwa m'phanga la phiri, imene mayiko ambiri ankatumizako nkhuni zawo kwa zaka pafupifupi 60, mpaka inatsekedwa mu 2018. Inali ndi mbiri yabwino zedi. Mu 2020 eni ake anaulula okha kuti kafukufuku wawo wapeza kuti zotsatira za mayeso ena ochitira makasitomala akunja, pakati pa 1990 ndi 2005, zinasinthidwa dala. Tawerengani zakazo. Bodza linagona m'mafayilo zaka 15 kapena kuposa, m'dziko la malamulo okhwima, pakati pa akatswiri enieni, kufikira pamene munthu wa m'kati momwemo anatsegula pakamwa. Ine ndinachongapo mayeso a ana zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti malikisi amene akuonedwa ndi anthu awiri okha, wolemba ndi wochonga, savuta kuwakonza.

Njira yolekanitsira ilipo kale, sitikufunika kuipeka. Ku America kampani ikafuna kuti nkhuni zake zivomerezedwe, imapereka lipoti lonse ku bungwe loyang'anira za nyukiliya la NRC, popanda chobisa. Ngati ikufuna kuti zina zisaonedwe ndi anthu wamba, imalemba kalata yolumbira yofotokoza chifukwa chake, ndipo bungwelo ndilo limagamula ngati zifukwazo zikumveka. Lipotilo limatuluka pawiri. Lina ndi lathunthu, la oyang'anira. Lina ndi la aliyense, ndipo pamene panali nambala yachinsinsi pamatsala mpata woonekera, kuti wowerenga adziwe kuti apa pachotsedwa kanthu. Chigamulo cha oyang'anirawo nachonso chimaikidwa poyera. Si njira yangwiro, mipata ina imachuluka mpaka tsamba kuoneka ngati mano a nkhalamba, koma wosankha chobisika si wogulitsa yekha.

Mwina a Mkonzi mukuti Malawi alibe ng'anjo ya nyukiliya, nanga phokosoli n'lachiyani. N'zoona tilibe. Mu Africa muno siteshoni yamagetsi a nyukiliya imene ikugwira ntchito ndi ya Koeberg yokha, kufupi ndi Cape Town, ndipo dziko la Egypt likumanga yake ku El Dabaa. Koma mu 2023 dziko la Rwanda linasainirana mgwirizano ndi kampani ya Dual Fluid woti ng'anjo yoyesera ya mtundu watsopano imangidwe kumeneko. Onani bwino: yoyesera. Mayeso amene kale ankachitikira ku Idaho ndi ku Halden ayamba kufunafuna malo kuno kwathu. Ndipo dziko limene magetsi ake ambiri amadalira mtsinje umodzi wa Shire, limene linakhala mu mdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022, likadzafikiridwa ndi wogulitsa wa pakamwa pokoma silidzafunsa mafunso ambiri. Wanjala sanunkhiza ndiwo.

Chimene ndikupempha n'chochepa, ndipo nthawi yake ndi ino, wogulitsayo asanagogode. Tili ndi lamulo la mphamvu za atomiki la 2011 limene linakhazikitsa bungwe la AERA, loyang'anira za nyukiliya m'dziko muno. Tili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tinalowa m'bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA mu 2006. Aphungu athu, makamaka a kuno kumpoto kumene mgodi watsegulidwanso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus, akhale pansi alembe momveka bwino kuti pa nkhani za yureniyamu ndi nyukiliya, kampani ingabise chiyani ndipo singabise chiyani. Kapangidwe, mitengo yogulira zipangizo, mayina a makasitomala, zimenezo abise. Koma chimene chinapezeka poyesa, pamene chinthu chinalephera, kuchuluka kwa cheza m'madzi, m'fumbi ndi m'matupi a antchito, zikhale zoti mphunzitsi wopuma ngati ine angathe kukapempha n'kupatsidwa, m'chilankhulo choti mfumu ya m'mudzi imve. Boma lili ndi magawo 15 pa 100 mu mgodi uja, ndiye kuti ifenso ndife eni ake, si alendo ongosuzumira pampanda.

Chinanso, oyang'anira athu apatsidwe anthu ndi zipangizo zoyezera okha. Kulandira lipoti lathunthu n'kopanda phindu ngati palibe wotha kulitsutsa. Ana amene akuphunzira sayansi pa Mzuni pompano, ena atumizidwe kukaphunzira ntchito imeneyi, ndipo akabwerako alipidwe bwino kuti kampani imene akuiyang'anira isawakope.

Magetsi anayaka cha m'ma 4 koloko, wometa n'kumaliza mbali inatsala ija. Mnyamata wa wailesi uja anali atapita kale, ndiye ngati amawerenga nyuzipepala ino, yankho lake ndi limeneli. Ndipo akafuna kuona kuyesa ndi maso, abwere ku Chibavi Lachiwiri m'mawa. Pa mbaula khumi zilizonse zochoka mu uvuni ndimatengapo imodzi, kuikoleza mpaka dongo lifiire, n'kuithira chidebe cha madzi ozizira aliyense akuona. Ikang'ambika, gulu lonselo silipita kumsika. Koma kope langa lija asalifunse, limagona pansi pa matiresi.

Mphunzitsi wopuma,
Chibavi, Mzuzu