Dandaulo pa maphunziro omwe munachititsa ku Mzuzu ndi satifiketi yabodza yomwe mukufuna ndilandire

Kwa Mkulu wa Kampani,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa zoimba foni ndatopa nazo. Kuyambira mwezi wa Meyi ndakhala ndikuimba ku ofesi kwanu, mayunitsi akungothera pachabe, ndipo yankho ndi lomwelomwelo: "Tikuimbirani, mayi." Palibe ndi tsiku limodzi lomwe limene munthu wa kwanuko anandiimbirapo. Dzina langa, lisiti langa ndi ndalama zomwe ndinatumiza pa Airtel Money zonse zili m'mabuku anu, choncho sindibwereza zimenezo. Ndikufuna mumve kuchokera pakamwa panga zomwe kampani yanu yandichita, chifukwa ndikukayika ngati anyamata anu amakufikitsirani nkhani yonse.

Ndimagwira ntchito mulaibulale ya pa yunivesite kuno ku Mzuzu, ndipo ndakhala pa giredi imodzi kwa zaka 9. Inu amene bizinesi yanu ndi yophunzitsa antchito a m'mayunivesite mukudziwa bwino momwe zimakhalira. Aphunzitsi ali ndi njira zawo zokwerera: amapita kukawonjezera madigiri, amalemba za kafukufuku, amayenda m'misonkhano. Ife a m'malaibulale, makalaliki, alembi ndi anzathu a m'malabu timadalira timaphunziro tafupitafupi ngati tanuti. Kakalata kamodzi koikidwa m'failo kamatha kusiyanitsa munthu wokwezedwa ndi wotsala. Nditaona chikalata chanu choitanira anthu, cholonjeza masiku asanu athunthu ophunzira Koha (pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera laibulale ndi katalogi, kaundula wa mabuku ake) ndi DSpace (pulogalamu yosungira zolemba za kafukufuku pa kompyuta), aliyense pa kompyuta yake, sindinadikire kuti kuntchito apeze ndalama. Ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde ya amayi anzanga ku Chibavi. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a munthu ngati ine safika pakati pa mwezi, ndiye mudziwe kuti ndalama imene munalandirayo sinali yotsala m'thumba. Mpaka lero ndikubwezabe ndi chiwongoladzanja chake, ndipo Loweruka lililonse la msonkhano amayi aja amandifunsa kuti, "Nanga satifiketi ija inatuluka?"

Ulendo woyamba munasintha tsiku osatiuza. Ndinali nditatenga kale masiku asanu a tchuthi changa. Lolemba m'mawa ndinafika pamalo pomwe munatchula, mvula ikuwaza, n'kupeza mlonda yekha amene sankadziwa n'komwe kuti pali maphunziro. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti mwaimitsa kaye unabwera cha m'ma 10 koloko, ife titaima pakhonde maola awiri. Panali bambo wina wachikulire wochokera ku Karonga amene anali atalipira kale chipinda cha masiku onse asanu. Masiku anga a tchuthi aja anapita, ndipo sabata yeniyeni ya maphunziro itakwana ndinachita kupempha anzanga kuti andigwirire ntchito, ine n'kudzawabwezera pogwira mashifiti a usiku nthawi ya mayeso.

Maphunziro enieniwo ndiye anandiwawa kuposa apa. Mphunzitsi wanu anafika Lachiwiri masana, akuti galimoto inasowa mafuta panjira. Zimenezo ndinazimvetsa, vuto la mafuta tonse tikulidziwa. Koma nanga makompyuta aja? M'chipinda modzaza anthu munali malaputopu asanu ndi imodzi, awiri mwa iwo osayaka. Intaneti munalibe, ndipo pulogalamu ya Koha sinaikidwe ngakhale pa laputopu imodzi. Magetsi atazima anatiuza kuti jenereta ilipo koma dizilo sanalipiridwe. Zitatero mphunzitsi uja anatenga chipepala chachikulu n'kuyamba kujambula tibokosi ndi cholembera chotha inki, akumati, "Apa ndi pamene mumalemba dzina la buku, apa dzina la wolemba." Ankayang'ana pa foni yake, kujambula kabokosi, kuyang'ananso pa foni. Anthu akuluakulu, ena aimvi, tinakhala duu kuonerera munthu akujambula kompyuta papepala.

Ine ndinakweza mkono. Ndinati ndikudziwa kuti mu MARC 21, ndondomeko yolowetsera mabuku m'katalogi imene imapatsa chinthu chilichonse malo a nambala yake, dzina la buku limalowa pa 245, wolemba wamkulu pa 100, nambala yozindikirira buku ya ISBN pa 020, koma ndimasokonezeka buku likakhala ndi olemba angapo kapena mkonzi yekha: ndi liti pamene 100 timaisiya yopanda kanthu n'kugwiritsa ntchito 700, malo a olemba owonjezera ndi akonzi? Limeneli ndi funso la tsiku ndi tsiku kwa aliyense wolowetsa mabuku m'katalogi. Anandiyankha kuti ndi funso labwino, tidzaliona Lachinayi. Lachitatu titangodya nkhomaliro ananyamula chikwama chake n'kunena kuti amuitana mwadzidzidzi ku Lilongwe, ndipo zotsalazo atitumizira pa imelo. Palibe chimene chinabwera. Pa masiku asanu omwe tinalipira tinakhala m'kalasi tsiku limodzi lokha, ngati n'koyenera kutchula zimenezo kuti kalasi.

Phunziro limene ndinkalifuna kwambiri linali la Lachinayi lomwelo, la kasungidwe ka kope la katalogi ndi zolemba za ophunzira pamalo ena kunja kwa laibulale. Mwina kwa inu ndi mzere chabe pa ndondomeko. Kwa ife a ku Mzuzu si choncho. Tonse tikukumbukira m'bandakucha wa mu Disembala 2015 pamene laibulale ya Mzuni (Mzuzu University) ku Luwinga inapsa, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Aliyense wogwira ntchito ya mabuku mumzinda uno amagona akudziwa kuti chinthu chosungidwa pamalo amodzi chikhoza kutha tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndinkafuna kuphunzira ndi manja anga kutulutsa kope la zonse zili mu Koha, kulisunga kwina, ndi kulibwezeretsa zinthu zikavuta. N'chifukwa chakenso ndinkafuna kudziwa kuika mapepala a kafukufuku a ophunzira athu mu DSpace, kuti asamangokhala m'makatoni momwe chinyontho cha kuno chimawadya. Munandilanda zimenezo, ndipo palibe anapepesa.

Tsono za maulendo anga ku ofesi yanu ya m'tauni. Ulendo woyamba ndinapeza loko pachitseko nthawi ya 2 koloko masana pakati pa sabata. Wachiwiri anandiuza kuti bwana wosaina ali ku Lilongwe. Ulendo uliwonse ndi kupempha chilolezo kuntchito, kulipira kabaza kupita ndi kubwerera, ndi kukwera masitepe anu aja ndi bondo langa lovutali. Ulendo wachitatu anandipatsa envulopu. Nditatsegula ndinapeza dzina la bambo anga alilemba molakwika, zilembo ziwiri zitasinthana malo, moti silikufanana ndi la pa chiphaso changa cha unzika. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi mawu a m'munsi mwake. Satifiketiyo ikunena kuti ndinaphunzira masiku asanu ndipo ndinatsiriza bwino maphunziro onse, ikuchita kutchula limodzilimodzi, kuphatikizapo aja a Lachinayi ndi Lachisanu amene sanachitike. Ndinaibweza. Sindingaike pepala lotero m'failo yanga. Tsiku limene akuluakulu anga adzandikhazike pa kompyuta n'kunena kuti, "Mayi, poti munaphunzira, tabwezeretsani katalogi," ndidzawauza chiyani? Wochita manyazi ndidzakhala ine, wotchedwa wabodza ndidzakhala ine, inu muli phee kwanuko.

Ulendo wachinayi ndi umene wandilembetsa kalatayi. Ndinapeza mnyamata wanu wa pa desiki, msinkhu wa mwana wanga woyamba, akudya chipisi, miyendo ili pampando wina. Ndinamupatsa moni, sanayankhe. Ndinafotokoza nkhani yanga modekha kuyambira pachiyambi. Anapukuta manja papepala, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Mayi inu, simutopa? Anzanu onse anatenga mapepala awo osavuta. Kapepala komweka mukuchita kulirira ngati digiri? Ntchito yanu si yongopukuta fumbi m'mashelefu?" M'chipindamo munali anthu ena awiri odikira, ndipo mmodzi anaseka. Ndinamufunsa ngati mayi ake amawayankhula choncho. Anati, "Mayi anga sayendayenda m'maofesi a anthu kusaka zifukwa. Ngati simukuifuna satifiketiyo isiyeni, ndalama sitibweza." Kenaka anavala zomvera nyimbo m'makutu ine ndili chiimire pomwepo.

Bwana, ndine mayi wa ana atatu, ndipo pantchito panga ophunzira ndi aphunzitsi omwe amandipatsa ulemu. Ndinatsika masitepe aja misozi ikulengeza, ndipo ndinayenda wapansi mpaka ku Katoto ndisanakumbukire kuti ndimayenera kukwera kabaza. Inde, fumbi ndimapukuta, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma ndine yemwenso ndimathandiza wophunzira wa chaka chachinayi kupeza buku limene wakhala akulisaka sabata yathunthu, ndine ndimakhala mpaka usiku nthawi ya mayeso kuti ana a anthu awerenge. Kampani imene imadya ndalama za antchito ang'onoang'ono a m'mayunivesite singasunge pakhomo pake munthu wonyoza ntchito zawo. Ngati ndi momwe mumatiganizira tonse, nenani poyera kuti tileke kukuvutitsani ndi ndalama zathu.

Sindinalekere pomwepo. Poti aliyense ankangonena za Lilongwe, ndinakwera basi ya m'mawa kwambiri, kudutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa, Jenda, Kasungu, ulendo wa makilomita opitirira 350, ndi ndalama inanso yongongola. Pa foni munali mutanditsimikizira kuti Lachisanu mukhalapo. Nditafika anandiuza kuti inu ndi onse otha kusaina muli ku Salima, mukuchititsa maphunziro a mabwana kunyanja. Mtsikana amene ndinamupeza anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando ndi madzi, ndipo iye yekhayo ndikumuyamikira. Analemba dandaulo langa m'kabuku n'kulonjeza kuti Lolemba mundiimbira. Papita milungu isanu ndi umodzi. Ndikufuna mundiuze ngati mabwana a ku Salima aja nawonso anawajambulira kompyuta papepala, kapena zotere mumasungira ife a kumpoto kuno amene mukuganiza kuti tilibe kokadandaula.

Pamene ndinkayendayenda chonchi, nthawi yopereka mapepala ofunsira kukwezedwa kuntchito kwathu inatsekedwa. Ndinapereka failo yanga yopanda chatsopano chilichonse. Anzanga ena amene analandira satifiketi yanu yabodza ija anaiika m'mafailo awo, ndipo sindikuwaweruza, aliyense ali ndi ana odyetsa. Koma onani pomwe mwatifikitsa: wokana bodza ndiye watsala, ndipo ayenera kudikira chaka china chathunthu. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndadekha miyezi inayi, ndipo kudekha kwanga kwathera pano.

Chomwe ndikufuna n'chosavuta kumva. Mubwere ku Mzuzu mudzatiphunzitse masiku anayi otsalawo, popanda kutilipiritsa kanthu, ndi makompyuta oyaka, pulogalamu itaikidwa kale, ndiponso mphunzitsi woidziwa ntchitoyo. Ngati kwanuko kulibe, ku Mzuni komweku amaphunzitsa za malaibulale ndipo akatswiri alipo, mukhoza kuwalemba ganyu. Zikatero mundipatse satifiketi ya dzina lolondola, yonena zoona. Ngati zimenezi simungathe, mundibwezere ndalama zanga zonse pamodzi ndi za ulendo wa ku Lilongwe, matikiti ndinasunga. Ndikufunanso kalata yopepesa pa mawu a mnyamata uja, yosainidwa ndi inuyo, osati uthenga wa pa WhatsApp. Ndipo poti satifiketi yanu ili ndi chidindo chachikulu chagolide koma sitchula bungwe lililonse, mundilembere m'kalata yomweyo amene anakuvomerezani kuphunzitsa, kaya ndi TEVETA, bungwe la maphunziro a ntchito zamanja, kaya ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, kaya ndi wina, pamodzi ndi nambala yanu ya m'kaundula.

Ndikukupatsani masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mulandire kalatayi. Akadutsa muli chete, ndikatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loona za chilungamo pa malonda ndi madandaulo a ogula, ndipo ndikapereka chikalata chanu choitanira anthu, lisiti, mauthenga onse ndi chithunzi cha satifiketi ija chomwe ndinajambula ndisanaibweze. Ndikafunsanso kukhoti la majisitireti kuno ku Mzuzu za njira yoitanitsira ndalama zanga. Bambo a ku Karonga aja ndi anthu ena asanu ndi awiri a m'kalasi mwathu avomera kale kusaina nane. Ndamva kuti mukukonza maphunziro ena a alembi ndi owerengera ndalama kumapeto a chaka chino. Dziwani kuti antchito a m'makoleji ndi m'mayunivesite a kuno, kuyambira Luwinga, Ekwendeni mpaka Livingstonia, timadziwana ndipo timafunsana tisanalipire. Aliyense wondifunsa za inu ndidzamuuza ndendende zomwe ndalemba munozi, osawonjezera, osachotsera.

Yankho lanu likhale lolembedwa. Musandiimbire foni kudzandiuza kuti mundiimbiranso.

Ine wodandaula,
Mayi wogwira ntchito mulaibulale,
Chibavi, Mzuzu