Kalata kwa Zuze: za mitembo yosungidwa m'chisanu

Nchalo, Chikwawa

Wokondedwa Zuze,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town konko, pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala silikutipatsa mpata.

Uthenga wako wa pa WhatsApp wonena za azungu oumitsa mitembo ndinauona, ndi kuseka kwako komwe. Nkhaniyo ndi yoona, amaitcha cryonics, kusunga mtembo m'chisanu poyembekeza kuti tsiku lina adzaudzutsa. Munthu akangotsirizika, dokotala n'kutsimikiza, amamuziziritsa msangamsanga, kuchotsa magazi n'kulowetsa mankhwala oti madzi a m'thupi asaundane n'kung'amba minofu. Kenako amamuika chadodolido m'thanki ya nitrogen wamadzi, pa madigiri 196 kunsi kwa ziro. Usafunse za kuzima kwa magetsi, thankiyo siwafuna. Nitrogen akachepa amangothiramo wina. Woyamba anali James Bedford, pa 12 Januwale 1967 ku California, ndipo mpaka lero ali ku Alcor, bungwe losunga mitembo motere ku Arizona. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsidwapo, ndipo asayansi ambiri amati ndi maloto chabe.

Ku Cryonics Institute, bungwe lina lotere ku Michigan, amalipiritsa madola 28,000. Ku Alcor thupi lonse limaposa madola 200,000, n'chifukwa chake ena amasungitsa mutu wokha. Pamenepo ndinakumbukira za Mbona, yemwe akuluakulu amati mutu wake uli ku Khulubvi. Koma tizisiye, ndingalakwire amizimu.

Chimene chinandiletsa kuseka ndi mabanja ake. Robert Ettinger, amene anayambitsa Cryonics Institute mu 1976, munthu woyamba kumusunga kumeneko anali mayi ake omubereka. Mu 2015 makolo ena a ku Thailand anasungitsa ubongo wa kamtsikana kawo ka zaka 2 kamene kanamwalira ndi khansa. Mu 2016 mtsikana wa zaka 14 wa ku London, nayenso wa khansa, anapempha khoti kuti amusunge. Mayi ake anavomera, bambo ake poyamba anakana, woweruza n'kugamula kuti mawu akhale a mayi. Anthu anawanena kuti apenga, ena kuti aberedwa ndalama. Ine ndikuona kholo limene manja akukana kutula mwana pansi, basi.

Ife tomwe sitichita? Kutentha kwa kuno mtembo sugona masiku awiri, koma timasonkherana ndalama kuti ubayidwe mankhwala, ukhale ku mochale mpaka mwana wa ku Joni afike adzaone nkhope. Wamwalira ku Joni, timamukwereza galimoto kudutsa Zimbabwe ndi Tete kuti adzagone kwawo. Ndipo ukudziwa mmene mabanja a ku Makhanga ndi madera ena anavutikira ndi madzi osefukira a mu 2015, ndi a Freddy mu 2023, pamene ena sanapeze n'komwe thupi loti aike. Thupi si kanthu kochepa kwa otsala.

Pamene ndikusiyana nawo ndi apa: maliro awo satha. Ife timalira, timaika, timameta, patsogolo sadaka ndi chiliza, wamasiye n'kumasulidwa kuti aone zina. Nanga mkazi amene mwamuna wake ali m'thanki, kampani n'kumamutcha "wodwala", ndi wamasiye kapena akudikira? Ettinger uja anamwalira mu 2011 n'kuikidwa m'thanki, ndipo akazi ake awiri, woyamba ndi wachiwiri, ali momwemo. Atadzuka onse atatu, mlandu wake ngakhale ankhoswe angauthawe.

Palinso za ndalama. Mu 1979 ku Chatsworth, ku California, anapeza mitembo itasungunuka n'kuwola, chifukwa ndalama zogulira nitrogen zinali zitatha. Masiku ano amafuna ulipiriretu, ambiri kudzera mu inshuwalansi ya moyo. Chuma chomwe chikanaphunzitsa ana chimapita ku thanki, ndipo poyambira mkangano wa pachibale ndi pomwepo.

Tsono poti waiyamba wekha nkhani ya maliro, ndikufunse: ku bungwe lanu la Amalawi lothandizana pa zovuta ukusonkhabe mwezi ndi mwezi? Mayi ako anandifunsa Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, ine ndinasowa chowayankha. Undiuze, ndikawatsimikizire.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mnzako,
Fulaide