Pini Imodzi Ikakana Kugwa

Mwana wanga,

Kuno ku Kawale tili bwino, kupatula mwendo wa amayi ako umene umawavutabe kukazizira.

Mlongo wako watisonyeza kanema wa mpikisano wanu wa bowling, masewera oponya mpira kuti ugwetse mapini khumi, wa ku Johannesburg pa WhatsApp. Ndamuonera katatu. Ndaona pini imodzi ya kumanja itatsala chiimire pa gawo lomaliza, ndakuona ukumenya theche makina obweza mipira, kenako n'kumudutsa mnzako uja atatambasula dzanja, ngati wadutsa chitsa. Amayi ako anangoti, "Ii, mwana uyu," n'kulowa kukhitchini. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni ukanandidula mawu.

Masewera ako a bowling anandiphunzitsa ndiwe wemwe. Unati mpira sulemera kuposa mapaundi 16, ndipo kuchokera pamzere woponyera kufika pa pini yoyamba pali mafiti 60. Unatinso kanjira kamene mpira umayendamo amakapaka mafuta, mafutawo n'kumasuntha masewera ali mkati, mwakuti mpira umene unagwetsa mapini onse khumi poyamba utha kusiya imodzi pambuyo pake ngakhale dzanja liponye chimodzimodzi. Tsono ngati zonsezi ukuzidziwa, makina aja analakwanji? Nanga mnzakoyo? Pa mpira wamiyendo munthu atha kudandaula kuti anam'ponda kapena kum'koka malaya. Kwanuko palibe amene amakhudza mpira wako. Chimene mnzako akuyembekezera kwa iwe n'chochepa: ukhale chete pamene iye akuponya, um'patse mpata akaimirira pakanjira koyandikana nako, ndipo pomaliza umugwire chanza.

Umakonda kutchula Pete Weber. Ndikudziwa, munthuyo ndi katswiri, anapambana mipikisano 37 ya PBA, bungwe la akatswiri a bowling ku America. Koma taona chimene anthu ambiri amam'kumbukira nacho. Mu 2012 anatenga mpikisano waukulu wa US Open kachisanu, kumuposa Mike Fagan 215 kwa 214, ndipo lero anthu amangotumizirana kanema wa iye akukalipa moloza kwa oonerera. Bambo ake, Dick Weber, amene anali m'gulu loyambitsa PBA mu 1958, amakumbukiridwa chifukwa cha ulemu ndi kufatsa. Bungwe lomwelo limapereka mphoto yotchedwa dzina la Steve Nagy kwa wosewera wa khalidwe labwino. Ngakhale eni masewerawo amadziwa kuti kugwetsa mapini kokha sikukwanira.

Sindikulankhula ngati munthu woyera. Uli ndi zaka zisanu, ndinkasewera bawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndipo mnyamata wina wamng'ono kwa ine anandidya kawiri motsatana, anthu akuseka. Ndinagubuduza bawolo. Nkhomo zinamwazika m'fumbi. Mwini bawo, nkhalamba ya imvi mbuu, sananditukwane. Anagwada n'kuyamba kutola imodziimodzi mpaka zonse 64 zinakwana, ine nditaima pompo, manja ali lende. Nditacheuka ndinakuona iwe utagwira buluku langa, maso ali tong'o. Panapita zaka anthu a pamsika akundiitana "uja wotaya bawo," koma chimene chimandiwawa kufikira lero ndi maso ako aja. Ndiye pa kanemayu, kumbuyo kwako, ndamuona mdzukulu wanga atakhala pampando, atanyamula kathawulo kako kopukutira mpira.

Kale unkasewera kungotaya nthawi, koma pano bowling ndiyo ikukudyetsa, ikulipira lendi ndi fizi ya mwana. Malaya umavala aja ali ndi dzina la kampani imene inakukhulupirira, ndipo kumeneko ukalakwa sanena dzina lako lokha, amati Mmalawi uja. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mwana wanga. Kuwawa kwa kugonja sindikukuletsa. Tuluka panja, ukalire ngati ukufuna, koma utagwira kaye dzanja la mnzako.

Muimbire foni mnyamatayo sabata ino isanathe. Usayambe ndi nkhani ya mafuta kapena ya pini ija, ungoti unalakwa. Uwapepesenso eni malo aja chifukwa cha makina awo, ndipo pochita zimenezi mwana wako akhalepo, amve.

Amayi ako akonza chiponde ndi ufa woyera, tikupatsira amalume ako akamakwera basi mwezi wamawa. Undiyankhe ukamuimbira.

Ndine bambo ako.